Kadoyo ka m'Laputopu Kayenda m'Thumba la Mnansi

TAMANDA, Chipata. — Kale cuma ca banja kuno ku Tamanda, pa misoni yakale ya mpingo wa Reformed imene iri kumpoto kwa Chipata kufupi ndi malire a dziko la Malawi, cinali kuwerengedwa poyang'ana m'khola, pa ngolo, pa njinga ndi m'nkhokwe. Masiku ano m'nyumba zina mwalowa cuma cina cimene sicidya msipu, cimene citseguka ndi kutsekeka monga buku, ndipo mwini wake acigoneka pansi pa zobvala m'sutukesi. Cuma cimeneci ndi kompyuta yonyamula m'manja, imene anthu onse amaicha laputopu.

Eni ake si ambiri, koma adziwika. Ndi aphunzitsi, anchito a pa cipatala, alangizi a zamalimidwe, abusa, alembi a makopaletivu ndi a makalabu a azimai, ndiponso anyamata ndi atsikana a m'makoleji a ku Chipata ndi ku Lusaka amene amabwera nazo kumudzi pa nthawi ya chuthi. Ambiri mwa iwo sanagule zatsopano. Anagula za salaula, zimene zinayamba zagwira nchito zaka zingapo m'maofesi a maiko akutali zisanafike m'masitolo a kuno. Ngakhale ziri za salaula, mtengo wake ngwowawa. M'caka ca 2024 bungwe la Food Reserve Agency linali kugula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa mtengo wa K330, ndipo laputopu yabwinoko kawiri-kawiri idya matumba khumi kapena kuposerapo. Ena anacita kutenga ngongole yodulidwa ku malipiro a pa mwezi kuti aigule.

Dziko la Zambia linalumikizidwa ku intaneti m'caka ca 1994 kupyolera m'kampani ya Zamnet imene inabadwira pa University of Zambia, koma kwa zaka zambiri zimenezi zinali nkhani za anthu a m'mizinda. Cimene cinafikitsa kompyuta pa khomo la mlimi ndi sukulu. Mu 2014 Boma linaika phunziro la makompyuta m'maphunziro a Giredi 8 ndi 9, ndipo mu 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba mayeso oyamba a phunziroli, m'masukulu ambiri makompyuta anali owerengeka kotero kuti ana ena anadikirana mpaka usiku, makolo ali ndi nkhawa ku nyumba. Tsopano mphunzitsi amene akuonjezera maphunziro ake ali pa nchito, zolemba zake zonse atumiza zotaipa. Mlembi wa kopaletivu asunga m'laputopu maina a mamembala, nambala za mareji ao, ndi za amene alipira gawo lao la fataleza wa FISP. Kalabu imene ifuna thandizo la ndalama za CDF nayonso makalata ake awataipitsa momwemo.

Pamenepa ndipo pagona nkhani. Laputopu ikaonongeka, ina igulidwa, ngakhale kuti kugula kwake nkwa misozi. Koma maina a alimi a m'kopaletivu amene mlembi anasonkhanitsa poyenda mudzi ndi mudzi pa njinga, kapena zolemba za caka cathunthu za mphunzitsi amene watsala ndi mwezi umodzi kuti azipereke ku koleji, zimenezi sizigulidwa ku sitolo iri yonse. Ndipo mdani wa zolembedwazi nthawi zambiri sacita kuthyola citseko.

KADOYO KOPANGA MUNTHU

Dzina lakuti kadoyo lasoceretsa anthu ena. Kadoyo ka m'kompyuta, kamene m'Cizungu akacha vairasi, kalibe moyo. Sikangalowe m'thupi la munthu, ndipo sikabadwa ndi fumbi kapena cinyezi. Ndi malangizo olembedwa ndi munthu, monga momwe alembedwera mapulogilamu onse amene ayendetsa kompyuta, koma olembedwa ndi mtima woipa: kuti adziculukitse okha, abise kapena kuononga zolembedwa, kapena abe mau acinsinsi amene munthu atsegulira ku banki kapena ku makalata ake. Anakacha kadoyo cifukwa ca kayendedwe kake. Monga cideru cicoka pa nkhuku imodzi yogula pa msika ndi kutha khola lonse, nakonso kacoka m'kompyuta imodzi ndi kulowa m'ina iri yonse imene yakhudzana nayo.

Eni malaputopu ambiri a kumidzi amadzitonthoza ndi ganizo lakuti, popeza iwo salowa pa intaneti kawiri-kawiri, cifukwa ca kudula kwa mabandulo ndi kubvuta kwa netiweki, tudoyo situngawapeze. Ganizo limeneli nlolakwika, ndipo mbiri ya tudoyoti ionetsa comweco. Kadoyo koyamba kufalikira m'makompyuta a mtundu umene anthu ambiri agwiritsa nchito kanali kochedwa Brain. Anakalemba m'caka ca 1986 anyamata awiri apacibale, Basit ndi Amjad Farooq Alvi, a mumzinda wa Lahore ku Pakistan, ndipo anali osaopa kotero kuti analembamo maina ao, keyala ndi nambala za lamya. Pa nthawi imeneyo intaneti inali isanalowe m'nyumba za anthu. Kadoyoko kanayenda pa timbale tosungira zolembedwa, kucoka m'manja mwa uyu kupita m'manja mwa uyo, mpaka kanaoloka nyanja ndi kufika ku America. Timbale timeneto tinatha nchito, koma m'malo mwake munalowa fulashi, ndipo mayendedwe ake ndi omwe aja.

Fulashi ndi kanthu kosaposa cala ca munthu kutalika, kamene kasunga makalata, zithunzi, nyimbo ndi mafilimu. Ulendo wake owerenga athu ambiri audziwa. Mphunzitsi wataipa mafunso a mayeso a pa mapeto a temu, koma pulinta palibe, kapena iripo koma inki yatha. Aika mafunsowo pa fulashi, akwera galimoto kupita ku Chipata, nakalowa m'kantemba kopulinta mapepala ca ku Kapata kapena ku Down Shops. Kompyuta ya m'kantembamo iri ngati dziwe la m'dambo m'mwezi wa October, pamene ng'ombe za midzi yonse zimamwera: pa tsiku limodzi ilandira mafulashi a ana a sukulu, a ofuna nchito, a okonza maukwati ndi a oika nyimbo. Mwini kantemba alibe cifukwa. Iye agwira nchito yake cabe. Koma pokhapo pakapezeka fulashi imodzi yodwala, onse obwera pambuyo abwerera kwao atanyamula matenda m'thumba.

Madzulo mphunzitsi uja alowetsa fulashi yake m'laputopu kuti akonze funso limodzi limene linalakwika. M'mawa mwake afika mlembi wa kopaletivu ndi fulashi yake kudzapempha kuti amutaipire kalata. Masana afika mwana wa alongo ake ndi kakhadi ka m'foni, afuna nyimbo zatsopano. Pa Sabata wa kwaya adzatenga nyimbo za msonkhano. Mlungu usanathe, malaputopu onse a pa misoni adwala matenda amodzi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene analowa pa intaneti.

ZOLEMBEDWA SIZINAFE, ZABISIKA

Kadoyo kamene kabvutitsa kwambiri anthu oyenda ndi mafulashi ndi kamene okonza makompyuta akacha shortcut. Macenjera ake ngoyenera kuwadziwa bwino, cifukwa anthu ambiri ataya zolembedwa zao ndi manja ao omwe cifukwa cosakamvetsa.

Kakalowa pa fulashi, kabisa mafoda eni-eni onse kuti asaoneke, ndipo m'malo mwake kaika zithunzi-thunzi zokhala ndi maina omwewo. Munthu akayang'ana mofulumira aona monga zonse ziri m'malo. Koma akayang'anitsitsa apeza kuti pa ngondya ya m'munsi ya foda iri yonse pali kamubvi kakang'ono kopindika, ndipo foda imene inali ndi zolembedwa zambiri tsopano ionetsa kuti ilemera KB imodzi kapena ziwiri cabe. Kamubvi kameneko ndiko msampha. Munthu akangodina pamenepo, kadoyo kadzuka ndi kudzikopera m'laputopu, ndipo nthawi zambiri katsegulanso foda yeni-yeni ija kuti mwini wake asazindikire kanthu. Kuyambira pamenepo fulashi iri yonse imene ilowa m'laputopuyo ituluka yodwala.

Tsiku lina mafoda aleka kutseguka, kapena fulashi ioneka yopanda kanthu. Mwini wake agwidwa ndi mantha, ndipo mnzake wofuna kuthandiza amuuza kuti mankhwala ake ndi kuifomata, ndiko kuti kuipukuta yonse. Kumeneku kuli ngati kutentha nkhokwe cifukwa ca anankafumbwe. Zolembedwazo zinali zisanafe. Zinali zobisika cabe, ndipo umboni wake ngwakuti fulashi imene ioneka yopanda kanthu ionetsabe kuti malo ake ngodzaza. Cofunika ndi kuyamba kuipima ndi pulogilamu yopha tudoyo, kucotsa zithunzi-thunzi za kamubvi zija osazidina, ndi kuuza kompyuta kuti ionetse mafailo obisika. Munthu ali yense wodziwako makompyuta angacite zimenezi m'mphindi zowerengeka. Koma akafomata, ndiye kuti watsiriza yekha nchito imene kadoyo sikanathe.

Ndipo kuciza fulashi yokha osaciza laputopu nkutaya nthawi, popeza gwero la matenda likhala lidakali m'nyumba.

KUKANA KOPANDA MWANO

Akatswiri a m'mizinda amalangiza mwacidule kuti munthu asalole fulashi ya wina m'laputopu yake. Kunena nkosabvuta. Koma amene anakhalapo pa mudzi adziwa kuti cinthu ca munthu mmodzi cimathandiza mudzi wonse. Khasu libwerekedwa, ngolo ibwerekedwa, njinga itengera wodwala wa mnansi ku cipatala, ndipo akulu anati kupatsa nkuika. Mphunzitsi wacinyamata amene wangofika kumene pa sukulu sangathe kuuza a mfumu kapena a mkulu wa mpingo kuti fulashi yao njodwala. Akatero, mawa lake mbiri imveka kuti mphunzitsi watsopano ngwodzikuza ndi womana, ndipo tsiku limene iye adzafuna ngolo yotutira nkhuni adzapeza ng'ombe zonse zatopa.

Motero njira siingakhale ya kukana thandizo. Njira ndiyo kusintha kathandizidwe. Amene afuna kutaipiridwa kalata angabwere ndi pepala lake lolemba pa manja, ndipo mwini laputopu ataipa yekha ndi kumutumizira pa foni. Amene ali ndi kalata pa foni angaitumize pa WhatsApp kapena pa imelo m'malo molowetsa kakhadi kapena cingwe. Ngati fulashi ya mlendo iyenera kulowa ndithu, mwini laputopu aigwire yekha, aipime poyamba asanatsegule kanthu, ndipo akaona kamubvi kaja pa mafoda aime pomwepo. Kuuza mkulu kuti fulashi yao yatenga matenda ku tauni ndipo iyenera kucizidwa si mwano iai. Kuli ngati kucenjeza mnansi kuti nkhuku imene wagula ikuodzera. Wapulumutsidwa ndi iye yemwe.

Amene apita kukapulinta ku Chipata acita bwino kukhala ndi mafulashi awiri. Imodzi ndi ya pa ulendo, imene inyamula pepala lokhalo lofuna kupulinta, ndipo ikabwerera ipimidwa kapena kupukutidwa popeza mulibe cina cotaika. Inayo siicoka pa nyumba. Ana a m'nyumba, amene mtima wao uli pa mafilimu ndi masewera, awatsegulire khomo lao-lao m'laputopu, limene liribe mphamvu yoika mapulogilamu atsopano, ndipo mau acinsinsi a khomo lalikulu akhale a mwini yekha. Ambiri alemba mau acinsinsiwo pa kapepala ndi kukamata pansi pa laputopu yomweyo. Pamenepo ndi bwino kungosiya osaika.

AKUBA OFUNA DIPO

Kadoyo ka kamubvi nkosautsa, koma pali mtundu wina woopsa kopambana, umene m'Cizungu aucha ransomware. Umenewu subisa cabe. Ukhoma zolembedwa zonse ndi loko wa masamu amene kiyi yake iri kwa akuba okha, ndipo pa galasi la kompyuta palembedwa uthenga wakuti mwini wake alipire dipo ngati afuna zinthu zake.

Zimenezi si nthano za kutsidya la nyanja. Pa 9 May, 2022, banki yaikulu ya dziko lino, Bank of Zambia, inaukiridwa ndi gulu la akuba lochedwa Hive, ndipo nchito zake zina za pa makompyuta zinaima. Akulu-akulu a bankiyo anakana kulipira, popeza nchito zake zikulu-zikulu sizinakhudzidwe ndipo akatswiri ake anabwezeretsa zimene zinaima. Gulu la Hive linaphwasulidwa ndi apolisi a ku America ndi a ku Ulaya mu January, 2023, koma magulu ena onga ilo adakalipo. Ku Malawi, kumene anthu ambiri a ku Tamanda ali ndi abale, nchito yopanga mapasipoti inaima kwa milungu ingapo kuciyambi kwa 2024, ndipo mu February caka comweco a Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba analanda makompyuta a ofesi yoona za olowa ndi otuluka ndipo anali kufuna dipo, limene Boma lao linakana kupereka.

Wina angafunse kuti akuba otere angafunenji kwa mlembi wa kopaletivu wa ku Tamanda. Yankho nlakuti iwo sasankha. Achera misampha yambiri-mbiri pa intaneti monga mlenje achera mbewa m'munda wonse, osadziwa kuti ndi iti imene idzakodwa. Nyambo imene ikola kwambiri anthu wamba ndi mapulogilamu akuba: pulogilamu yogulitsa imene wina aipereka mwaulere, masewera aulere, kapena kapulogilamu kotsegulira Windows kapena Office popanda kulipira. Kawiri-kawiri malangizo ake amati munthu ayambe wazimitsa pulogilamu yopha tudoyo. Munthu wanzeru ayenera kudabwa ndi mlendo amene mau ake oyamba ndi akuti mangani galu.

Nyambo zina zifika monga makalata: uthenga wakuti munthu wapata mphoto, wakuti pali nchito ku bungwe lina, kapena wakuti pali ndalama za thandizo, ndipo adine apa. Ina ituluka mwadzidzidzi pa galasi ndi zilembo zofiira, kunena kuti kompyutayi yagwidwa ndi tudoyo tambiri ndipo mankhwala ake ndi awa. Cenjezo lotere lotulukira pa tsamba la intaneti ndi bodza, ndipo mankhwala amene lipereka ndiwo matendawo. Failo imene idzicha kalata kapena cithunzi koma dzina lake lithera ndi zilembo zakuti .exe si kalata. Ndi pulogilamu yobvala cikopa ca kalata.

Dziko lino liri ndi malamulo pa zimenezi. Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la milandu ya pa makompyuta mu 2021, ndipo mu 2025 linalowedwa m'malo ndi malamulo awiri atsopano, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act. Palinso Data Protection Act ya 2021, imene ipatsa udindo amene asunga mbiri za anthu ena kuti azisunge mosamala. Mlembi amene ali ndi nambala za mareji ndi za mafoni a alimi m'laputopu yake asunga katundu wa eni. Koma lamulo ligwira wakuba akapezeka. Silibweza zolembedwa za munthu m'mawa mwake.

MLONDA AMENE AFUNA KUUZIDWA

Nkhani yokondweretsa njakuti mlonda wabwino safuna ndalama. Laputopu iri yonse ya Windows 10 kapena Windows 11 ibwera ndi pulogilamu yopha tudoyo yochedwa Microsoft Defender, ndipo kwa munthu wamba imeneyi njokwanira. Kuika mapulogilamu awiri kapena atatu a nchito imodzi-modziyo sikuonjezera citetezo. Amangolimbana okha-okha ndi kulemetsa laputopu.

Bvuto la mlonda ameneyu nlakuti azindikira bwino akuba amene anauzidwa nkhope zao. Tudoyo tatsopano tituluka tsiku ndi tsiku, ndipo pulogilamuyo ilandira mbiri yake kupyolera pa intaneti. Laputopu imene yatha miyezi isanu ndi umodzi osalowa pa intaneti iri ndi mlonda amene adziwa akuba a caka catha. Apa ndipo anthu a kumidzi apwetekera, cifukwa ambiri azimitsa dala maapudeti poopa kuti adya bandulo. Mantha ao ngomveka, popeza apudeti yaikulu ya Windows ingathe bandulo ya mlungu wathunthu. Koma mbiri ya tudoyo yokha siilemera kwambiri, ndipo ingatengedwe kamodzi pa mlungu polumikiza laputopu ku foni. Maapudeti akulu-akulu angadikire tsiku la ulendo wa ku Chipata kapena usiku pamene pali bandulo yochipa, koma asadikire mpaka kale-kale.

Zimene zicitika akadikira zinaoneka pa 12 May, 2017, pamene kadoyo kochedwa WannaCry kanakhoma makompyuta oposa 200,000 m'maiko 150. Ku Britain zipatala zina zinabweza odwala cifukwa madokotala sanathe kutsegula mbiri zao. Codabwitsa ncakuti kampani ya Microsoft inali itatulutsa kale cigamba cotseka ciboo cimene kadoyoko kanalowera, m'mwezi wa March caka comweco. Amene anagwidwa ndi amene anacedwa kumata cigambaco.

Ogula laputopu ya salaula ayenera kufunsa za msinkhu wake, cifukwa cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Microsoft inaleka kutumiza zigamba za Windows 7 pa 14 January, 2020, ndipo za Windows 10 inaleka pa 14 October, 2025, kupatula kwa amene analembetsa kuti aonjezeredwe nthawi ya caka cimodzi. Malaputopu ambiri opangidwa caka ca 2018 cisanafike sabvomerezedwa kulandira Windows 11. Wogulitsa angaipukute bwino kunja, koma nyumba imene eni ake analeka kuifolera idontha ndithu mvula ikadza. Amene ali kale ndi laputopu yotere asaitaye. Pali dongosolo lina laulere lochedwa Ubuntu, limene analiyambitsa mu 2004 a Mark Shuttleworth a ku South Africa, ndipo dzina lake ndi liu lomwe lija lathu lakuti umunthu. Liyenda bwino m'malaputopu akale, litaipa makalata ndi kuwerengera ndalama, ndipo tudoyo twa pa mafulashi tolembedwera Windows situgwira nchito m'menemo. Kulizolowera kufuna masiku angapo ndi munthu wolidziwa wakuti aliike.

Tinenenso kuti si matenda onse a laputopu amene ali kadoyo. Imene izima yokha masana a mwezi wa October kawiri-kawiri yangotentha, cifukwa fumbi latseka timazenera take topumira, kapena mwini wake aigwiritsa nchito itakhala pa bulangeti. Imene icedwa kuyaka mwina yangokalamba. Ina ipsa cifukwa ca magetsi obwera mwamphamvu pambuyo pa kuthima, kapena cifukwa ca inveta ya sola yosalongosoka. Koma popeza liu lakuti vairasi liopsa, okonza ena osakhulupirika alichula pa bvuto liri lonse, ndipo mankhwala ao ndi amodzi, kufomata. Munthu asanasiye laputopu yake kwa wokonza, ayambe wafunsa ngati zolembedwa zake zidzakopedwa pena, ndipo ngati nkotheka aimirire pomwepo mpaka aone ndi maso kuti zakopedwa.

NKHOKWE YACIWIRI

Ngakhale munthu atasamala motani, tsiku la tsoka lingafike: kadoyo katsopano kamene mlonda sakadziwa, mbala ya pa zenera, denga lodontha, kapena mwana wotayira tiyi pa mabatani. Cimene cisiyanitsa wolira ndi wongodandaula pa tsiku limenelo ndi kope laciwiri la zolembedwa zake.

Makalata, mindandanda ya maina ndi zolemba za ku koleji sizilemera. Zolembedwa za zaka zingapo za mlembi wa kopaletivu zingakwane pa fulashi imodzi yochipa ndi kutsalanso malo. Zimene zidzaza laputopu ndi mafilimu ndi nyimbo, zimene zingapezekenso kwina. Motero fulashi ija yosacoka pa nyumba ndiyo nkhokwe yaciwiri. Tsiku limodzi pa mlungu, kaya Loweruka madzulo, mwini laputopu akopere pamenepo zonse zimene walemba, ndipo akatha aizule. Kuzulako nkofunika kwambiri, cifukwa kadoyo kofuna dipo kakhoma zonse zimene kapeza zolumikizidwa pa nthawiyo, ndipo fulashi yogona m'laputopu ifera limodzi ndi laputopuyo. Malo ake ndi m'kabokosi momwe mukhala mareji, makhadi a ana a ku sikelo ndi masatifiketi, osati m'cikwama cimene cinyamula laputopu, popeza mbala itenga cikwama conse.

Amene ali ndi keyala ya Gmail ali ndi nkhokwe yacitatu imene mwina saidziwa: kampani ya Google ipatsa munthu ali yense malo aulere okwana 15 GB, ndipo kalata yofunika imene munthu wadzitumizira yekha pa imelo adzaipeza pa kompyuta kapena foni iri yonse, ngakhale laputopu itamira mumtsinje. Wophunzira angatumize zolemba zake akatha mutu uli wonse, ndipo bandulo imene ipita pamenepo njocepa kuposa ya kanema mmodzi wa pa WhatsApp.

Kope laciwirilo liyenera kuyesedwa nthawi ndi nthawi potsegula failo imodzi kapena ziwiri, cifukwa mafulashi ena ochipa a pa msika ndi acinyengo: aonetsa malo ambiri kuposa amene ali nao, ndipo zokopedwa zikapitirira malo eni-eniwo zionongeka mwakacetecete. Ndipo alembi a makopaletivu amene adakasungabe buku lao la cikuto colimba, momwe maina a mamembala ndi ndalama zao zilembedwa ndi bolopeni, asalisiye. Pa nyengo yolembetsa fataleza, pamene mlangizi afuna mndandanda lero lomwe ndipo laputopu yakana kuyaka, alimi amene asonkhana pansi pa mtengo wa mango adzaitanidwa maina kucokera m'buku limenelo.